Tizipatso Tofiira ta Ababa Laimonis

LAIMONIS PURMALIS
Munabadwa pa 2 Febuluwale 1940, munatisiya pa 23 Julaye 2018

Ababa, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Ndawerenga ndi zala kawiri konse chifukwa mtima ukukana. Kwa ine zili ngati ndi dzana lomweli pamene ndinakuonani mukutuluka m'khitchini, ndowa ili kumanja, chipewa chanu cha udzu chitapendekera kukhutu. Amene ndikulemba ndine Inta, mwana wanu woyamba, koma mawuwa ndi a tonse. Amayi Velta ali pambali panga pano, akundiuza zoti ndifufute, ndipo mlongo wanga Guntis waimba foni kawiri kuchokera ku Ireland kuti ndisaiwale dzina lake.

Chithunzi chili pamwambachi tinakangana nacho mlungu wathunthu. Guntis ankafuna chija munavala suti pa ukwati wake. Amayi anakanitsitsa.

"Ameneyo si mwamuna wanga," anatero. "Ameneyo ndi munthu amene kolala ikumutsamwitsa."

Ndiye tasankha ichi. Mwagwada pakati pa zitsamba zanu za makaranti, tizipatso tofiira towawasa tija, mwakweza katsango kamodzi kudzuwa, diso limodzi mwatsinzina. A kunyuzipepala anati sichikuoneka bwino. Tinawauza kuti asindikize chomwecho, amene ankakudziwani akuzindikirani.

Umu ndi mmene munkaonera ngati tizipatso tapsa. Ena amalawa, inu munkayang'ana. Kuwala kukalowa m'kachipatso mpaka njere zake kuonekera mkati, konse kali psuu, munkagwedeza mutu n'kunena kuti, "Mawa mmamawa, aliyense ndi ndowa yake." Ife ana tikamva mawu amenewo, mitima inkagwa. Ndivomere lero, Ababa, ntchito imeneyi tinkadana nayo. Anzathu ali kumtsinje kosambira, ife tili chogwada kuseri kwa khola, udzudzu ukutidya m'makosi, zitsamba khumi ndi zinayi zitandanda m'mbali mwa mpanda, chilichonse chitalemedwa mpaka nthambi kugunda pansi. Kachipatso kake kakang'ono ngati mkanda, ndowa yake yaikulu yotungira pachitsime.

"Thyola katsango konse, Inta. Usamatole kamodzikamodzi ngati nkhuku."

Chaka china Guntis anadzaza masamba pansi pa ndowa, n'kuyala tizipatso pamwamba, n'kuthawira kumtsinje. Simunamukalipire. Pa chakudya cha masana munamuikira masambawo m'mbale yake, foloko pambali.

"Idya, mwana wanga. Wakolola wekha."

Mpaka lero akamaikamba nkhaniyi amaseka misozi ili m'maso.

Nanga nkhondo yanu ndi mbalame? Tizipatso tikangoyamba kufiira, munkavundikira zitsamba ndi makatani akale. Chaka china akale anatha, ndipo Amayi pobwera kusitolo anapeza mawindo a chipinda chochezera ali pululu.

"Laimonis! Makatani anga atsopano ali kuti?"

"Ali pantchito, mayi."

"Nkhalamba yopanda manyazi iwe, ndinasoka ndekha amenewo!"

"Ndiye chifukwa chake mbalame zikuwaopa."

Koma chitsamba chomaliza, cha pakona, simunkachivundikira. Munkati nazonso mbalame zili ndi ana.

Munkachita zonse pa nthawi yake ndipo simunkafuna wokuthandizani. Chipale chofewa chikangosungunuka munkamwaza phulusa la m'mbaula m'munsi mwa chitsamba chilichonse. Mbozi munkazitola ndi manja, mukutembenuza tsamba ndi tsamba, mukuzitukwana chamumtima. Masamba akayoyoka munkatenga sizasi ndi kasowo n'kudula nthambi zakale, zija zadera khungwa, ndipo munkadula mopanda chisoni moti ine ndinkaona ngati mwapha zonse. Nthawi imeneyo ndinkangodutsa, maganizo ali kutauni. Sindinaime n'kamodzi komwe kuti ndione kuti mukudula pati.

Ndinali ndi zaka makumi atatu, mwana wanga Zane ali m'manja, pamene ndinakufunsani funso limene ndinalisunga kuyambira ubwana. Tinali chogwada, inu mbali ina ya chitsamba, ine mbali ina.

"Ababa, pali maapozi, pali mapulamu, pali zipatso zotsekemera zambirimbiri. Towawasati mumatikonderanji chonchi?"

Munapitiriza kuthyola. Kenaka munayamba kulankhula osandiyang'ana, masamba ali pakati pathu, ndipo ndinamva koyamba zimene pakhomo pathu zinali zosakambidwa.

Munali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'Malichi wa 1949 pamene asilikali a boma lachilendo limene linalanda dziko lathu anafika kudzasamutsa anthu mokakamiza. Bambo anu anali atamwalira chaka chapitacho. Anakutengani inu, mayi anu Agogo Alvine, ndi kamlongo kanu Rasma ka zaka zitatu, n'kukukwezani m'bogi ya sitima yonyamulira ng'ombe pamodzi ndi mabanja ena. Sitima inayenda milungu, n'kukakutsitsani ku Sibeliya, dziko lakutali lozizira koopsa. Rasma sanaione nyengo yofunda yachiwiri. Munandiuza kuti dothi linali gwaa ngati mwala, ndipo amuna awiri anakoleza moto pamandapo tsiku lathunthu kuti khasu lilowe. Pambuyo pake Agogo anagona. Nkhama zinatupa n'kumatuluka magazi, mano anayamba kugwedera, miyendo inada mawanga. Sankafunanso kudya, sankafunanso kulankhula.

Tsiku lina akuluakulu a famu ya boma anakutumani kukasaka mwana wa ng'ombe amene anasochera kumtsinje. Ng'ombeyo simunaipeze. Munapeza, m'munsi mwa mitengo ya m'mphepete mwa madzi, tchire lonse lili psuu. Anali makaranti a m'thengo, aang'ono kuposa athu, owawasa mpaka kutulutsa misozi. Munavula malaya, kumanga mikono yake, kudzaza, n'kuthamanga chifuwa chili pamtunda. Agogo sankatha kutafuna, ndiye munafinyira madzi ake m'kapu ya chitini n'kuwamwetsa ndi supuni. Atameza anatsegula maso.

"Awa ndi a kwathu. Wawatenga kuti?"

"Kumtsinje, Amayi. Aliko ambiri."

"Bambo ako anadzala otere kuseri kwa nyumba. Uno ndi mwezi wake."

Analira, koyamba chiikireni Rasma. Tsiku ndi tsiku munkapita kumtsinje, ndipo pamene tizipatso tinkatha, Agogo anali atayamba kukhala tsonga. Pa nkhani ya ng'ombe ija munakwapulidwa, koma munandiuza mukuseka kuti simunamve kuwawa.

Anakulolani kubwerera kwanu mu 1957, inu muli mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamtali, woonda ngati mzati. Munatsika sitima pamodzi ndi Agogo n'kuyenda wapansi mpaka pa chipata cha nyumba imene munabadwiramo. Munali mu Julaye. Pachingwe panali zovala za anthu ena, pakhonde galu wa anthu ena. Kuseri kwa mpanda zitsamba za bambo anu zinali zitabereka ngati palibe chinachitika. Mwini nyumba watsopano anatuluka, manja ali m'chiuno. Nayenso nkhondo inamuotchera nyumba yake, ndipo boma ndilo linamuika pamenepo, koma izi munadzaziganiza patapita zaka. Tsikulo munangoona munthu wotseka njira.

"Sitinabwere kudzalanda nyumba, bambo," anatero Agogo. "Zitsamba izo anadzala ndi mwamuna wanga. Ndiloleni ndithyoleko todzaza dzanja limodzi, ndizipita."

"Pano palibe chanu, mayi. Bwererani kumene mwachokera."

Munati magazi anakukwerani kumutu, ndipo Agogo anakugwirani mkono mwamphamvu kuti musachite chopusa. Munatembenuka. Musanafike patali munamva mapazi kumbuyo. Anali mtsikana wopanda nsapato, tsitsi loluka pawiri, akuthamanga ndi mbale yaikulu imene anali atakhala akuthyoleramo kuseri. Bambo ake anakuwa pachipata.

"Velta! Bwerera kuno msanga!"

"Ndikubwera, Ababa! Ndingobweza za eni ake!"

Anaika mbaleyo m'manja mwa Agogo, n'kukuyang'anani inu kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwenso udyeko. Ukuoneka ngati mphepo ikutenga."

Amayi akundiuza pano kuti ndifufute pamenepa, akuti sananene choncho. Sindifufuta. Inu munandiuza, ndipo simunali munthu wonama.

Munakakhala m'kanyumba kosambira ka amalume anu, kuno kumene pambuyo pake munadzamanga nyumba yathu ndi manja anu. Masamba atayamba kuyoyoka, mtsikana uja anatulukiranso, masana dzuwa likuswa mtengo, atapinda m'nsalu yonyowa timitengo makumi awiri todula ku zitsamba za bambo anu.

"Uzike mopendeketsa, maso awiri okha atsale kunja. Zikapanda kugwira usandinene."

"Bambo ako akudziwa?"

"Adziwa akawerenga nthambi."

Zitsamba khumi ndi zinayi zinagwira. Patapita zaka zisanu munakwatirana, ndipo kuyambira pamenepo mpaka ukalamba munkawatcha Amayi kuti "mbava yanga", iwo n'kumayankha kuti wolandira zakuba ndiye mbava yaikulu. Apongozi anu sanabwere ku ukwati. Koma ndikukumbukira ine ndili wamng'ono, iwo atagona ndi chifuwa nyengo yachisanu, inu munkayenda m'chipale chofika m'mawondo kukawapatsa botolo la madzi a makaranti kuti azimwa otentha. Munkakhala pambali pa bedi lawo n'kumakamba za mitengo ya nkhuni ndi za akavalo. Za pachipata paja simunazitchule, iwonso sanazitchule.

Mutamaliza kundiuza zonsezi tsiku lija, munapatula masamba n'kundiyang'ana.

"Ndowa yako ikadali theka, Inta."

Sitinadzakambenso nkhaniyi.

Kumunda kunali kwanu, kukhitchini kwa Amayi, ndipo malire ake munkawalumpha tsiku lililonse. Tinkakhala pakhonde tonse, aliyense ndi foloko, kupulula tizipatso ku timapesi take, zala zili psuu mpaka m'zikhadabo. Amayi ankatiwiritsa pang'ono mumphika waukulu wamkuwa mpaka tiphulike, n'kuthira zonse m'nsalu yoyera yomangirira ku miyendo ya mpando wogadabuza, beseni lili pansi. Lamulo linali limodzi: nsaluyo osaifinya, idonthe yokha, kuti jamu atuluke woyera ngati galasi. Inu kudikira kunkakukanikani. Amayi akangotuluka, munkazemba n'kufinya pang'ono.

"Wafinya ndani?"

"Palibe."

"Onetsa manja."

"Manja awa ndi ofiira chibadwire."

"Taona madzi achita mtambo! Laimonis, tuluka m'khitchini mwanga!"

Munkatuluka, koma pakapita kanthawi munkasuzumira pawindo ndi kambale kozizira, kuti Amayi adonthezerepo dontho la jamu, muone ngati likuchita makwinya polikankha ndi chala. Likachita, munkakuwa ngati mwapambana mpikisano. Mabotolo ankandanda pawindo dzuwa likuwapyoza, kenaka n'kutsikira kuchipinda cha pansi, ndipo ankatifikitsa mpaka chaka china: pa buledi wakuda mmamawa, pambali pa nyama ya nkhumba yowotcha pa Khirisimasi, m'madzi otentha wina akagwidwa ndi chimfine.

Chinthu chimodzi chokha Amayi ankakulolani kuphika, phala lija timalitcha mana akumwamba. Munkawiritsa madzi a tizipatso ndi shuga, n'kuwazamo ufa wa tirigu wamisere pang'onopang'ono. Likapsa munkaika mphika m'beseni la madzi ozizira n'kuyamba kulipuntha ndi kamtolo ka timitengo, mukuimba nyimbo imene mawu ake munkangopeka. Munkapuntha mpaka thukuta kutsika m'ndevu, mpaka phala lofiira lija litatuwa n'kufufuma kawiri, lopepuka ngati thovu. Tinkadya ndi mkaka wozizira. Zane akuti wayesa kuliphika kwawo kumzinda wa Riga ndi makina amagetsi, limafufuma ndithu, koma silikoma chimodzimodzi. Ine ndinamuuza kuti makinawo saimba.

Chaka chimene munatisiya kunatentha kwambiri ndipo tizipatso tinapsa msanga. Adokotala anali atakuuzani kuti mtima wanu watopa, musamagwade padzuwa. Munawathokoza mwaulemu, n'kufika kunyumba n'kutenga ndowa. Ine ndinali kuntchito kutauni, ndinali nditalonjeza kubwera Loweruka kudzathandiza. Tsikulo linali Lolemba. Masana Amayi anandiimbira foni, mawu ali phee ngati akuwerenga kalata ya wina.

"Inta, bwera. Bambo ako apita."

Anakupezani mutakhala pansi, mutatsamira mzati wa mpanda pafupi ndi chitsamba cha pakona, chipewa chili pamwendo, ndowa ili pambali yosatayika. Loweruka limene ndinalonjeza lija ndilo linakhala tsiku lokuikani.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika mutachoka, chifukwa mbali ina ndi yochititsa manyazi ndipo ndi bwino muimve kwa ine. Amayi anatsuka mphika wamkuwa, n'kuupachika m'chipinda chosungira katundu, osaukhudzanso. Windo la kukhitchini loyang'ana kumunda analitseka ndi katani, chilimwe ndi chisanu chomwe. Sankalira pamaso pathu. Ankadya, ankapita kutchalitchi, ankayankha akafunsidwa, koma kuseka kuja munkakudziwa kunatha. Miyendo itayamba kuwakanika ndinasiya nyumba ya kutauni n'kudzakhala nawo.

Zitsamba ndinkaziona tsiku lililonse, koma sindinazidule. Chaka choyamba ndinatenga sizasi yanu, ndinafika mpaka pa chitsamba choyamba, n'kuona pamene munadula inu komaliza, chilonda chake chitauma bwinobwino. Dzanja linakana. Ndinati nthambi izi anazigwira ndi Ababa, ndine yani kuti ndizidule? Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Ndinkadziuza kuti ndikukusungirani. Nthambi zinakalamba, zinada, zinamera ndere, zinapiringizana. Khwisa anamera mpaka m'chiuno. Tizipatso tinayamba kuchepa, timatsango kufupika, ndipo totsalato tinkathera mbalame chifukwa panalibe wophika. Chaka china mbozi zinadya masamba onse m'masiku anayi. Zitsamba ziwiri zinauma. Ndinkadzuka mmamawa, kuziyang'ana, n'kumva ngati ndikukuikani kachiwiri, pang'onopang'ono, ndi manja anga.

Mu Okutobala wathayu Guntis anabwera kudzakhala milungu iwiri. Anazungulira kumunda n'kubwera nkhope itagwa. Tinali m'khitchini, tikuyesa Amayi akuwodzera pa chikuku chawo pafupi ndi mbaula.

"Achemwali, zitsamba zija zatha," anatero chapansipansi. "Mmalo moti zizifa chimodzichimodzi inu mukuonerera, ndikapemphe mnansi abwere ndi thirakitala, tizule, tidzale kapinga."

"Muzule chiyani?"

Amayi anali maso gwa.

"Amayi, timangokambirana..."

"Ndamva. Makutu anga si miyendo yanga. Ndivekeni chikhoti. Iwe, kankha chikukuchi. Inta, sizasi ndi sowo."

Aka kanali koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi kuti apite kuseri kwa khola. Matayala ankatitimira m'dothi lonyowa, Guntis akukankha ndi mphamvu zonse. Atafika anayang'ana mzere wonse nthawi yaitali, milomo italumana. Kenaka anakweza ndodo yawo n'kuloza.

"Iyo yakudayo. Dula pansi penipeni, usasiye chitsa."

"Amayi, imeneyi ndi yaikulu kuposa zonse."

"Ndiye chifukwa chake. Ikudya chakudya cha zinzake, yosabereka kanthu. Dula."

Ndinadula, misozi ikugwera pa sowo.

"Ukulirira nkhuni? Bambo ako akanakuseka mpaka kugwa pansi. Iyonso. Ndi iyo yagona pansiyo. Usiye zotuwazo, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, basi."

Sitinkadziwa kuti akudziwa zonsezi. Guntis atafunsa, anamuyankha kuti, "Ukuganiza kuti bambo akowo anawaphunzitsa ndani?"

Tinagwira tsiku lonse, ine ndikudula, Guntis akuzula khwisa ndi kukoka nthambi, mulu ukukwera mpaka kupitirira mpanda. Dzuwa litapendeka tinafika pa chitsamba cha pakona. Amayi anatsitsa ndodo.

"Imani kaye."

Tinaima. Anayang'ana mzati uja, ndipo analankhula osatiyang'ana.

"Anandiitana tsiku lija. Sindinakuuzeni. Windo linali lotsegula, ndinamumva bwinobwino. Anati, 'Velta, tabwera udzaone!' Jamu anali atangoyamba kuwira, shuga ndinali nditangothira. Ndinamuyankha kuti, 'Dikira, nkhalamba iwe, mphika upserera!' Ndinatakasa, ndinachotsa thovu, ndinathira m'mabotolo asanu ndi atatu, ndinatseka. Kenaka ndinatuluka."

Guntis anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi ndinkapita akandiitana. Tsiku limodzi lokhali. Sindidziwa ngati ankamva kupweteka, kapena ankafuna kundionetsa chinthu. Sindidzadziwa."

"Amayi, akanakhala kuti akumva kupweteka sakananena kuti mudzaone," ndinatero.

"Iwe sukumudziwa. Ameneyo ngakhale mwendo utaduka akanati bwera udzaone." Anapukuta mphuno. "Dulani, kukuzizira."

Ndinagwada n'kulowetsa mutu m'chitsamba, ndipo Guntis atakoka khwisa wa kumbali ya mpanda, bondo langa linagunda mwala. Unali mwala wafulati, uja munkatsekera chitseko cha khola, umene tinausaka chaka chonse osaupeza. Unali utapsinja nthambi imodzi ya chitsamba chakale pansi, monga munkachitira mukafuna kuti nthambi imere mizu ikadali kwa mayi wake. Kutsogolo kwa mwalawo, mumdima wa khwisa, munali chitsamba china. Chinali chopinimbira, nthambi zinayi zoonda zitatalika kufunafuna kuwala, koma chamoyo, chili ndi mizu yakeyake. Chinali pamtunda wosakwana mkono kuchokera pamene munatsamira.

Ndinawauza Amayi. Anati tiwasendeze pafupi. Anawerama mpaka tinaopa kuti agwa, n'kugwira nsonga ya nthambi imodzi ndi zala ziwiri.

"Mwina ndi chimenechi," anatero. "Mwina ankafuna ndione kuti yagwira." Anasiya nthambiyo. "Mwinanso ayi. Munthu ameneyu ankandiitana ngakhale kuti ndidzaone nyongolotsi."

Kenaka anaseka, Ababa. Anaseka kuseka kuja, mutu chagada, mpaka kunasanduka kulira, ndipo analira monga sanalirire pamaliro, ife awiri titagwada m'matope mbali iyi ndi iyi. Atatha anapukuta maso ndi mpango.

"Chidule kwa mayi wake, uchikumbe ndi dothi lake, ukachidzale pamene panauma china paja. Pano sichikuona dzuwa."

Nyengo yachisanu yonse ndinali ndi mantha. Ndikasuzumira kumunda ndinkangoona timitengo toonda titatuluka m'chipale, ndipo ndinkati ndatsiriza zimene mbozi zinayamba. Mu Epulo ndinamwaza phulusa monga munkachitira. Mlungu wachitatu ndinapeza timasamba tobiriwira, topindikapindika, pa zitsamba zonse khumi ndi ziwiri, ndi pa chaching'ono chija. Ndinathamangira m'nyumba ndi nsapato zamatope. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Chotsa katani ameneyo, m'khitchini muno muli mdima."

Zokolola za chaka chino n'zochepa, musaseke. Ndowa imodzi, yosadzaza. Lachinayi lapitali tinatsitsa mphika wamkuwa, ndinaukwecha ndi mchere mpaka kuwala, ndipo Amayi anakhala pafupi ndi moto atagwira chikombe, ine ndikuwagwirira chigongono. Tapeza mabotolo atatu. Limodzi lipita ku Ireland, limodzi kwa Zane, limodzi ndi lathu. Chitsamba chanu chaching'ono chabereka timatsango tisanu ndi tiwiri, ndipo timeneto Amayi anakana kuti tilowe mumphika. Anadya okha, kamodzikamodzi, nkhope ikukwinyika, osandigawirako.

Tikukusowani, Ababa. Guntis akuti nthawi zina ali pantchito amapezeka akuimba nyimbo zanu zopeka zija, anzake n'kumamufunsa tanthauzo, iye osadziwa choyankha. Ana ake, Ritvars ndi Madara, amakudziwani pa zithunzi ndi pa nkhani ya masamba m'mbale. Zane ali ndi pakati, akuyembekezera mu Novembala, ndipo zimandiwawa kuti mwanayo sadzakhala pamwendo panu. Ine ndimakusowani kwambiri ndikagwada kumunda n'kufuna kufunsa kanthu kakang'ono, koti mukanandiyankha ndi mawu awiri, n'kupeza kuti mbali ina ya chitsamba kulibe munthu. Ndinali ndi zaka zambiri zoti ndifunse.

Amayi afooka chaka chino. Amagona kwambiri masana, ndipo chakudya amadya ngati mbalame. Ndawafunsa tsopano apa ngati ali ndi mawu awoawo oti ndilembe. Poyamba anati zonse ndalemba kale, zina zabodza. Kenaka anafunsa kuti zitsamba zodulidwa chonchi zimabereka mokwanira liti. Ndinati chaka chamawa ziyamba, chaka chinacho ndiye zidzalemedwa ngati kale. Anawerenga ndi zala, n'kuyang'ana pawindo.

"Lemba chonchi," atero. "Laimonis, ndamva kuitana kwako, ndipo ndikubwera. Koma udikirenso pang'ono. Ndikufuna ndione zokolola za chaka chamawa, kuti ndidzakhale ndi chokuuza."

Ndalemba monga anenera, Ababa. Adikireni, musawafulumize.

Dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu, ife ndi ana athu, ndi amene akubwerayo.

Mkazi wanu Velta; ana anu Inta ndi Guntis; adzukulu anu Zane, Ritvars ndi Madara.